Mpamba wa kaunjika usalowe m'maziko a nyumba

Funso: Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Zigwagwa ku Mzuzu, ndipo ine ndi bambo a kunyumba tili ndi nyumba ya zipinda zogona ziwiri ku Luwinga. Ana akula, komanso apongozi akuti abale akabwera kuchipatala kuchokera ku Rumphi asamagone pabalaza. Tikufuna kuwonjezera zipinda ziwiri, khitchini ndi bafa la m'nyumba. Alamu anga ndi mmisiri, akuti K7 miliyoni ikwana. Tili ndi K6 miliyoni, kuphatikizapo K2.5 miliyoni yomwe ndimaodera mabelo. Pamwezi ndimatha kusunga K150,000. Kodi khitchini ikhale kutsogolo kapena kumbuyo, nanga matailosi abwino ndi ati? Ndine mayi wa ku Luwinga.

Yankho: Mayi, khitchini ikhale kumbuyo, igundane khoma ndi bafa ndi chimbudzi, kuti mapaipi akhale afupi ndipo madzi oipa atulukire mbali imodzi kupita ku thanki. Za matailosi zidikire. Chimene chandiimitsa mutu ndi K2.5 miliyoni ya mabelo ija.

Ndalama imeneyo si yanu yomangira ayi. Ndi ya benchi lanu la ku Zigwagwa. Ndiyo imabereka K150,000 imene mumasunga, ndiyonso imagula ndiwo ndi kulipira fizi. Ikangosanduka simenti, sidzabweranso. Choncho ndalama yeniyeni imene muli nayo ndi K3.5 miliyoni.

Tiwerengere limodzi mwachidule. Zipinda ziwiri za mamita 3 kwa 4 zikupanga masikweya mita 24. Ikanipo khitchini, bafa ndi kanjira kolumikiza, mufika cha m'ma 40. Kumeneko n'kumanga nyumba ina pambali pa yoyambayo. K7 miliyoni ya alamu anu ndi mtengo wa pakamwa, ndipo mtengo wotere kawirikawiri umaiwala thanki la chimbudzi, mawaya a magetsi, siling'i, maloko, utoto, galimoto yonyamula mchenga ndi kwale, komanso ndalama yolipira ku khonsolo ya mzinda kuti avomereze pulani. Ine ndimawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye tifika pa K9 miliyoni ndi kanthu. Chotsani K3.5 miliyoni yanu, yatsala pafupifupi K6 miliyoni. Pa K150,000 pamwezi ndi miyezi 40, zaka zitatu ndi miyezi ingapo, tikanena kuti mitengo iima pamodzimodzi. Koma siiima. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, momwe simenti ndi malata zinakwerera m'mahadiweya.

Makalata ngati anu ndawerenga ambiri ndipo njira yake ndi imodzi. Mpamba ulowa, makoma afika pa lintala, ndalama itha. Mabelo palibe, ndiye palibenso cholowa. Mvula yayandikira, makoma ali pamtunda, mayi athamangira ku banki mkhonde, kenako kwa a katapila kuti apeze malata. Yendani ku Nkhorongo kapena ku Lupaso muone nyumba zimene zinaimira pa mawindo, makoma atachita ndere, udzu ukumera m'zipinda. Eni ake sanali opusa. Ankangofuna kumanga zonse nthawi imodzi.

Tsono funso loyenera ndi ili: pa zinthu zinayi zimene mwatchulazo, n'ziti zimene K3.5 miliyoni ingamalize mpaka kukhoma chitseko? Mwina chipinda chimodzi cha ana ndi bafa, basi. Jambulitsani pulani yonse lero, khonsolo ivomereze yonse, koma muzimanga gawo ndi gawo, lililonse lifoleredwe lisanayambe linzake. Denga la nyumba yakale musalisasule. Mangani chatsopanocho pambali, ndipo khoma lolumikiza mudzaboole pomaliza penipeni, banja lizigonabe m'nyumba mwake popanda kukalipira lendi kwina.

Mzuzu ndi wa mvula, imafika mpaka Epulo ngakhale Meyi, ndipo amene analipo mu Epulo 2016 sadzaiwala nyumba zimene zinagwa ndi madzi mumzinda muno. Ndalama ya matailosi ipite pansi: maziko okwera bwino, pepala lakuda lija lotchinga chinyezi, ndi ngalande yopatutsa madzi kuseri. Denga likhale losavuta, lotsetsereka mbali ziwiri zokha. Madenga okhotakhota aja amadya malata ndi matabwa, ndipo pamene malata akumanirana m'pamene pamayambira kudontha. Kumba maziko mu Juni, kufolera Okutobala asanathe. Pansi pakhale simenti yosalala kaye, matailosi mudzayala chaka china.

Tsopano za abale a ku Rumphi. Mtima wa apongozi anu ndi wabwino, ndipo kulandira odwala ndi umunthu. Koma chipinda cha alendo chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yonseyi, pamene ogonamo adzabwera masiku owerengeka pachaka. Amene akuchifuna aponyepo kangati? Funso limeneli alifunse ndi bambo a kunyumba kwa makolo awo, osati inu, kuti musaoneke mkamwana woipa. Ngati chipindacho chimangidwe ndithu, chikhale ndi chitseko chake chotulukira panja. Ku Luwinga muli pafupi ndi yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), ophunzira amasaka malo ogona chaka ndi chaka. Chipinda chimenecho chizibweza ndalama yake, ndipo alendo akabwera ana asinthane malo kwa masiku angapo.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi cha alamu anuwo. Sindikuti ndi akuba. Ndikuti mmisiri wa pachibale ndi wovuta kumufunsa chenje. Adzabwera m'mawa nati, "Mlamu, simenti yatha, pakufunika matumba asanu," inu mutulutsa ndalama ya pa benchi muli pakati pa makasitomala, osalemba. Madzulo atenga ina kwa bambo. Pakatha mwezi palibe akudziwa kuti matumba alowa angati, ndipo manyazi akugwirani pakamwa. Mabanja ambiri amadana pa zoterezi kuposa pa kuba kwenikweni.

Gulani kope la chikuto cholimba, likhale la nyumba yokha. Tsamba loyamba alamu alembe ndi dzanja lawo: mabuloko angati, simenti matumba angati, malata angati ndi utali wake, matabwa, misomali, chilichonse ndi mtengo wake ndi tsiku. Tengani mndandandawo muzungulire mahadiweya atatu m'tauni, ndipo muonetsenso mmisiri wina amene si m'bale wanu. Zipangizo muzigula nokha, malisiti muziwamata m'kopemo. Alamu muwalipire ya ntchito yokha, mogawa: maziko akatha, pa lintala, denga likakwera, pulasitala akatha. Ndalama iliyonse akalandira asayine, ngakhale ikhale K5,000 ya nsima ya anyamata. Simenti izigona m'nyumba mwanu, pa matabwa, osati pansi pachinyezi, ndipo madzulo aliwonse muwerenge matumba opanda kanthu.

Akadandaula kuti simukuwakhulupirira, auzeni mwaulemu kuti, "Alamu, ndalamayi ndi ya anthu awiri, ndiyenera kumawaonetsa achimwene anu mmene yayendera." Mmisiri wodziwa ntchito yake sakana kulemba. Ndipo tsamba lomaliza la kopelo lembanipo K2.5 miliyoni ya mabelo, bambo asayine pansi pake kuti imeneyi siikhudzidwa, ngakhale denga litatsala malata awiri.