Funsani Amakaniko: Njinga ziwiri zothamangira, n'kutaya ndalama?

FUNSO: Ndili ndi njinga yothamangira ya matayala opyapyala a 700x25 (a mamilimita 25 m'lifupi) imene ndimapalasa mumsewu wa M1 popita ku Ekwendeni. Tsopano ndapeza ina ya kaunjika, ndipo ndikufuna ikhale yopitira ku Nkhata Bay ndi m'misewu yokumbika. Anzanga akuti ndikungotaya ndalama. Ndigule kapena ayi? Wowerenga, Luwinga.

YANKHO: Achimwene, ndalama mutayadi ngati yachiwiriyo ingofanana ndi yoyamba. Isiyane nayo pa matayala ndi mano a magiya, koma pa zina zonse zifanane.

Yambani ndi magiya, chifukwa msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay ndi wokoma potsika, koma pobwera kuchokera kunyanja mukwera mamita oposa 700 kuti mufike mu Mzuzu. Njinga zambiri zakale zampikisano zili ndi magiya a mano 53 ndi 39 kutsogolo, kumbuyo 11 mpaka 25. Zimenezi n'zabwino pamsewu wopanda zitunda zazikulu, koma pachitunda chachitali mawondo amawawa ndipo mumatha n'kukankha. Yachiwiriyo ikhale ndi mano 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo mpaka 32 kapena 34. Werengani manowo ndi chala musanalipire. Wogulitsa akangoti "magiya ndi ambiri" sanakuuzeni chilichonse. Onaninso kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo: kakakhala kafupi, nthawi zambiri sikafika pa mano 34, tcheni imadumpha kapena kukakamira.

Matayala akhale a mamilimita 32 kapena 35. Koma si felemu iliyonse imene imalola. Pakati pa tayala ndi felemu patsale mamilimita osachepera 4 mbali zonse, apo ayi matope a mvula ya kuno, imene imachedwa kuleka, azikhula penti ndi kugwira wilo. Ngati pali timabowo tomangira madigadi, ndiye mwapeza yeniyeni. Mpweya usakhale umodzi: tayala la 25 limafuna pafupifupi 85 psi (muyezo wa mpweya pa geji ya pampu), la 35 pakati pa 50 ndi 60, malinga ndi kulemera kwanu. Mukachepetsa kwambiri, limu imatsina chubu mukagunda dzenje, n'kusiya timabowo tiwiri togundizana.

Zofanana nazi. Yezani kuchokera pakati pa ekisilo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, komanso kuchokera kunsonga ya chishalo kufika pa handulo, ndipo miyezoyo ikhale imodzi pa njinga zonse. Kusiyana kwa sentimita imodzi yokha kumamveka m'mawondo ndi mumsana. Magiya akumbuyo akhale chiwerengero chimodzi, kaya 9 kaya 10, kuti tcheni yapadera imodzi igwire konse. Zipangizo za njinga zotere sizipezeka wamba ngati za kabaza. Mabulekinso afanane, chifukwa wilo ya mabuleki a disiki simungaisinthanitse ndi ya mabuleki ogwira limu.

FUNSO: Imene sindikuigwiritsa ntchito ndiisunge bwanji?

YANKHO: M'nyumba, osati pakhonde, chifukwa chinyontho cha Mzuzu chimachititsa dzimbiri tcheni ndi mawaya a mabuleki. Pukutani tcheni, donthezani mafuta pang'ono pamfundo iliyonse, ndipo otsala muwapukutenso kuti asakoke fumbi. Ipachikeni kapena muziipopa mlungu uliwonse, chifukwa tayala likakhala pansi lophwa limang'aluka m'mbali.