Za ma mounting a giyabokosi pa Land Rover Series III yanuyo

Achimwene amene mwafunsa za Series III yomwe anakusiyirani madala anu, yomwe mukuti ikamanyamuka ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo komanso ndodo ya giya ikumavina yokha mukaponda moto, ndiye makaniko akuti mutsitse giyabokosi yonse, dikirani kaye musanatulutse ndalama. Ine ndili nayo ya 1978, ya petulo 2.25, ndipo zomwe mukunenazo zinandionekerapo ndendende, vuto linali ma mounting, timalabala tiwiri basi tomwe timanyamula giyabokosi pa chasisi.

Galimoto zimenezi anasiya kupanga mu 1985, ndiye ngakhale yanuyo itakhala yomaliza kutuluka ku fakitale, labala wake ngati sanasinthidwepo ndi gogo. Lowani pansi ndi tochi, mwayi wake Land Rover ndi yaitali simufunika kukweza matayala, muona mounting imodzi kumanja ina kumanzere cha pomwe pali transfer box, bokosi lija la ndodo yofiira ndi yachikasu. Tengani tayala liva mupanikize pakati pa bulaketi ndi chasisi nkutukula pang'ono. Yanga ya kumanja labala anali atalekana ndi chitsulo chake, giyabokosi inangonyamuka ngati chivindikiro cha poto, ya kumanzere inali yofewa ngati chingamu moti chala chimalowa. Inde kunjenjemerako nthawi zina imakhala kilatchi yomwe yanyowa oyilo, sindikutsutsa, koma yambani ndi chotchipa, kutsitsa giyabokosi pa Series ndi ntchito yochotsa mipando ndi pansi ponse, si masewera.

Chomwe chimapha labalayo kwambiri ndi oyilo osati zaka zokha. EP90 uja, oyilo wa mu giyabokosi, amadontha pa ma seal, makamaka kumbuyo kwa transfer box kufupi ndi dilamu ya handibuleki, nkumanyowetsa chilichonse pansipo. Eni ake timaseka kuti Land Rover ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watha, koma kunena zoona mukaika ma mounting atsopano osatseka podonthapo, chaka chamawa mubweranso kudzafunsa zomwezi.

Pogula sinthani onse awiri, ndipo muonenso awiri a injini kutsogolo chifukwa anayiwo amanyamula katundu mmodzi, ina ikafooka anzake amavutika. Ku Ndirande kapena ku Biwi mukafunsa modekha zimapezeka, koma nyamulani yakaleyo m'manja mukayerekeze kutalika ndi mabawuti ake, ndipo munene ngati yanu ndi ya petulo kapena dizilo. Chimene ndikukupemphani, musalole zodula tayala lakale nkuboola pakati nkulowetsa bawuti imodzi yaitali. Ine ndinachitapo ndalama zitavuta, mnyamata wina wa pa galaja anandilimbitsa mtima kuti amapanga daily, ndipo zinagwiradi, koma galimoto yonse imalira ngati chigayo, galasi loonera kumbuyo osaona kanthu, patapita miyezi yochepa bulaketi inang'aluka nkukawotcherera. Mounting yeniyeni ili ndi mabawuti awiri osakhudzana, wina pamwamba wina pansi, pakati pake labala yekha, ndiye amene amameza kugwedezeka kwa injini. Mukadutsitsa bawuti imodzi ndiye kuti mwalumikiza chitsulo ku chitsulo.

Kasinthidwe kake nkosavuta koma kamafuna kuleza mtima. Dzulo lake thirani WD-40 kapena dizilo pa manati onse agone akunyowa. Imikani pamalo osatsetsereka muike miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, musadalire handibuleki chifukwa ya Series imagwira pa giyabokosi pomwe mukugwirapo ntchitopo osati pa matayala. Jeke muike pansi pa transfer box koma pakati pakhale thabwa lochindikala, bokosilo ndi la aluminiyamu, jeke ikaluma mwachindunji limasweka ndipo mudzalira. Masulani manati mbali zonse ziwiri kenaka kwezani pang'onopang'ono, wina akhale kutsogolo bonet ili yotsegula akuyang'ana fani kuti isagunde ku radiyeta poti mukakweza kumbuyo injini imapendekeka. Mpata ukachepa musakakamize jeke, masulani bulaketi yonse ituluke limodzi ndi mounting. Zala zanu zisalowe pakati pa bulaketi ndi chasisi ngakhale kamodzi, kankhani ndi sikuludiraiva.

Za masipanala, mabawuti ambiri pagalimoto imeneyi ndi a ma inchi. Sipanala ya mamilimita 13 pa nati ya 1/2 inchi imakhala yolobodoka pang'ono ndiye nati ya dzimbiri imangoizunguliza mutu, 14 pa 9/16 imakana kulowa. Bwerekani za ma inchi kwa amakaniko achikulire aja, amakhala nazo m'bokosi.

Pobwezera, manati muyambe mwangowagwiritsa ndi manja onse, tsitsani jeke giyabokosi ikhale yokha bwinobwino, kenako ndiye mumange zolimba. Mukatha muyesenso handibuleki, chifukwa giyabokosi ikakwera kubwerera pamalo pake ndodo za handibulekiyo zimasintha kakokedwe, yanga inayamba kugwira pa kiliki yoyamba mpaka ndinachita kuibweza pa adjuster. Mukalowa pansipo jambulani mbali zonse ziwiri mutiponyere tione ngati mabulaketi ali bwino musanapite kogula.