Ayi achemwali, Porter ndi Dolly sanali banja

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene ali mu komiti ya ukwati wa mlongo wake. Akuti posesa m'nyumba ya makolo anapeza chimbale chakale cha Porter Wagoner ndi Dolly Parton, oimba nyimbo za country a ku America, chija chotchedwa Just Between You and Me. Amayi awo akulumbira kuti awiriwa anali munthu ndi mkazi wake, ati anthu osagona nyumba imodzi sangaimbe chonchija. Ndiye akufunsa zinthu ziwiri: kodi amayi akunena zoona? Nanga nyimbozi angazipereke kwa DJ kuti akaziike pa madyerero a ukwatiwo?

Achemwali, mukawauze amayi mwaulemu kuti ayi. Pamene chimbalechi chimatuluka mu Januwale 1968, Dolly anali ali kale pabanja. Anakwatiwa mu 1966 ndi Carl Dean, bambo amene ntchito yake inali yothira phula m'misewu, ndipo ankadana nazo zoonekera pagulu moti anthu ena ankakayika ngati alipodi. Anakhala limodzi mpaka Carl atamwalira mu Malichi 2025. Porter naye anali bambo wa ana kale. Iye anabadwa mu 1927, Dolly mu 1946, ndipo ubale wawo unali wa bwana ndi wantchito.

Unayamba chonchi. Porter anali ndi pologalamu yake ya pa TV yojambulidwa ku Nashville, imene inkaonetsedwa pa masiteshoni ambiri ku America. Mu 1967 mayi amene ankaimba naye, Norma Jean, anasiya, Porter n'kutenga kamtsikana ka zaka 21 kochokera ku mapiri a ku Tennessee, mwana wachinayi m'banja la ana 12. Anthu sanamulandire bwino. Dolly akakwera pa siteji, ena ankakuwa dzina la Norma Jean. Njira imene Porter anapeza inali yoti aziimba naye limodzi, kuti amene amakonda iye azolowere mawu a mtsikanayo. Anakakamizanso kampani yojambula nyimbo ya RCA Victor kuti imulembe. Choncho chimbale mwapezacho chinabadwa ngati nzeru ya bizinesi. Sizikuchotsa kukoma kwake, koma ndi mmene zinalili.

Komabe amayi musawaseke. Makutu awo anamva chinthu chenicheni.

Tengani "The Last Thing on My Mind", nyimbo imene inatchuka koyamba pa chimbalechi. Si ya Porter kapena Dolly. Anaipeka ndi Tom Paxton, woimba nyimbo za folk (zachikhalidwe cha ku America) amene ankaimbira ku New York, ndipo anaitulutsa mu 1964. Mukamvera ya Paxton, mumva bambo mmodzi ndi gitala yake akudandaula mwapang'onopang'ono kuti wokondedwa wake akupita, ndipo iye akanatha kumukonda bwino kuposa mmene anachitira. Wolakwa akudziwika, wochoka akudziwika. Porter ndi Dolly anaifulumizitsa, n'kuiimba mawu awo ali mophatikizana, a Porter pansi, osakometsera, a Dolly pamwamba, akuthwa ndi onjenjemera pang'ono. Mawu a nyimbo ndi omwewo, koma nkhani yasintha. Tsopano onse awiri akupepesa, onse awiri akusiyidwa, ndipo simungaloze kuti wanyamula katundu ndi uyu. Aliyense amene anakhalapo pa nkhani ya banja ngati nkhoswe akudziwa kuti zambiri zimakhala choncho. Ine ndimati apa ndi pamene pagona mphamvu ya chimbale chonsechi: munthu mmodzi akamaimba za banja umamva mbali yake yokha, koma pano mbali zonse zikuyankhula nthawi imodzi.

Pali inanso, "Two Sides to Every Story", imene Dolly anapeka ndi amalume ake a Bill Owens. Imeneyi ndi mkangano weniweni wa m'nyumba, wina akuti unali kuti, wina akuti nanga iwe unali kuti, mpaka womvera kuseka. Kulandizana kwa mawu mu nyimbo ngati imeneyi ndi kumene kunanamiza amayi, ndipo sanali okha. Ngakhale ku America komweko mphekesera zoti awiriwa ali pachibwenzi zinkamveka. Ndi zoonanso kuti ankakanganadi kuntchito, pa za nyimbo yoti ajambule ndi mmene iimbidwire, poti onse anali ouma mutu.

Tsopano za DJ. Apa ndiye ndikuchenjezeni. Pa nyimbo 12 za m'chimbalemo, zambiri ndi za banja likugwa. Ingowerengani mitu kuseri kwa chikutocho: "Sorrow's Tearing Down the House", "Home Is Where the Hurt Is", "Because One of Us Was Wrong". Ina, "Mommie, Ain't That Daddy", ndi ya ana amene aona bambo awo atasakazika ndi mowa. Ife kuno country timaikonda kuyambira kale, mawu a Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly yemweyu takula tikuwamva pa wailesi, koma vuto lathu ndi lakuti nthawi zina timatsata kukoma kwa gitala osamvera chimene chikunenedwa. Ndi zimene zimachititsa kuti akwati azivina mwachimwemwe nyimbo yosudzulana, alendo odziwa Chingerezi akungoyang'ana pansi.

Msampha waukulu ndi "I Will Always Love You". Simuipeza pa chimbalechi, koma ndi mwana wa nkhani yomweyi. Dolly anailemba mu 1973 potsanzika Porter. Dolly ankafuna kuyima payekha, bwana wakeyo sankafuna kumva, ndiye anamuimbira mu ofesi. Anasiya pologalamuyo mu 1974, chaka chomwe nyimbo yawo ya awiri, "Please Don't Stop Loving Me", inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country, ndipo inali yokhayo mwa za awiriwa kufika pamenepo. Whitney Houston ataiimbanso ya kutsanzika ija mu 1992, dziko lonse linaisandutsa ya pa ukwati, chonsecho ndi ya munthu amene akutula pansi ntchito.

Kusiyana kwa Porter ndi Dolly sikunali kwa mtendere. Mu 1979 Porter anamusumira Dolly kukhoti, kufuna madola 3 miliyoni, ati anaphwanya mgwirizano. Anakambirana kunja kwa khoti, Dolly n'kulipira. Kwa zaka ndithu panali chidani. Pambuyo pake anagwirizananso. Mu 2007, pa mwambo wokumbukira kuti Porter watha zaka 50 ku Grand Ole Opry, siteji yotchuka ya nyimbo za country ku Nashville, Dolly anamuimbira nyimbo yomwe ija pamaso pa anthu, ndipo Porter anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Zimbale zawo za awiri zinakwana 13, chomaliza chinatuluka mu 1980, mkangano uli mkati.

Mwina amayi anasokoneza ndi Johnny Cash ndi June Carter. Amenewo ndiye analidi banja: anatulutsa chimbale cha awiri mu 1967 n'kukwatirana mu Malichi 1968. Koma ngakhale iwo, nyimbo yawo yotchuka, "Jackson", ndi ya banja limene moto wake wazilala. Ndipo poti ndikudziwa kuti funso lotsatira likubwera: Kenny Rogers nayenso sanali mwamuna wa Dolly.

Ngati mukufunitsitsa kuti chimbale cha makolo chimveke pa tsikulo, pali imodzi imene ndingaivomereze ndi mtima wonse, "Before I Met You". Ndi yachangu, yovinika, ndipo ikunena za munthu amene ankadziyesa kuti chikondi akuchidziwa, mpaka atakumana ndi mnzakeyo. Mumulembere DJ mutu wake pa pepala, ndipo mumuuze kuti ikangotha asinthe, chifukwa yotsatira yake ndi "Home Is Where the Hurt Is". Chimbale chenichenicho musapite nacho ku holo. Nyimboyi ilipo pa intaneti, mumutumizire pa foni.