Musafufute seva ya FOG achimwene, onani kaye pomwe kompyuta ikuimira

Achimwene ndawerenga uthenga wanu uja. Mwati muli ndi seva ya FOG (pulogalamu yothirira image, kope ya hard disk yonse, pa makompyuta ambiri kudzera pa netiweki) pa Ubuntu, makompyuta akale akubuta pa netiweki bwinobwino mpaka kufika pa menyu, koma atsopano omwe angobwera kumenewa akumalemba NBP file downloaded successfully kenako nkungolowa mu Windows ngati palibe chachitika, ndipo makompyuta a chipinda china akumalemba PXE-E16 basi. Nde mwati mukufuna mufufute seva yonse muyambirenso. Chonde musatero. Mutaya tsiku lathunthu nkudzapeza vuto lomwelo likukudikirirani, chifukwa ngati makina akale akufika pa menyu ndiye kuti TFTP, njira yomwe makina amakokera fayilo yobutira, ili moyo, webu ya FOG ili moyo, database nayo ili bwino. Sevayo siikudwala. Ndipo mmene ndikuonera ine muli ndi mavuto awiri osiyana, mwangowamanga mtolo umodzi.

Ndifotokoze kaye mmene zimayendera, poti mukagwira apapa zinazo muzidziyankha nokha. Kompyuta ikayaka pa PXE, ndiko kubuta kudzera pa netiweki, imakhala ilibe IP, imangokuwa pa netiweki kufunsa ngati kuli DHCP, seva yogawa ma IP, zimenezi zimayenda pa UDP port 67 ndi 68. DHCP ija imaipatsa IP komanso zinthu zina ziwiri, adiresi ya seva yokatengako fayilo yobutira, ndiye option 66 imeneyo, ndi dzina la fayiloyo, option 67. Ikatero imapita pa TFTP, port 69, kukakoka fayiloyo. Pa FOG fayilo imeneyi ndi iPXE, pulogalamu yopitiriza kubuta pa netiweki, ndipo iPXE ikadzuka imapemphanso IP kachiwiri, imatenga default.ipxe, kenako imachoka pa TFTP nkupita pa HTTP kukatenga menyu ndi kernel ija bzImage pamodzi ndi init.xz, mafayilo a Linux yomwe FOG imagwirira ntchito. Image yeniyeniyo imadzabwera kumapeto kudzera pa NFS, njira yogawanirana mafayilo pa netiweki. Sitepe iliyonse ili ndi kulira kwakekwake, nde funso loyamba nthawi zonse likhale lakuti yaimira pati.

Atsopano aja aimira pamalo poonekeratu. Alandira IP, akoka fayilo, uthenga uja ukuchita kunena kuti yatsika bwinobwino, koma akulephera kuiyendetsa. Ndikhoza kubetcha kuti pa option 67 panu palembedwa undionly.kkpxe kapena undionly.kpxe. Fayilo imeneyo ndi ya makina a BIOS yakale, makina a UEFI, mtundu watsopano womwe unalowa mmalo mwa BIOS, amaikoka ndithu mwaulemu koma akaitsegula amapeza si yawo nkungodutsa kupita pa hard disk osadandaula nkomwe, nchifukwa chake zimasokoneza anthu. UEFI imafuna ipxe.efi kapena snponly.efi, ndipo onsewa ali kale mu /tftpboot pa seva yanuyo, kayang'aneni muwapeza. Ine pa makina atsopano ndimakonda snponly.efi chifukwa imagwiritsa ntchito driver ya netiweki yomwe ili kale mu firmware (BIOS kapena UEFI) ya kompyutayo, pomwe ipxe.efi imabwera ndi ma driver akeake omwe pena sagwirizana ndi khadi yatsopano.

Yesani kaye mwachidule, sinthani option 67 ikhale snponly.efi mubute imodzi yatsopano. Ikafika pa menyu ndiye tapeza. Koma dziwani kuti akale aja asiya pompo, poti option 67 imodzi siingadyetse mitundu iwiri. Apa mpamene pakufunika DHCP izisiyanitsa. Kompyuta iliyonse ikamapempha IP imanena yokha mtundu wake, mu option 93 ndi mu option 60 momwe mumalembedwa PXEClient:Arch:00000 ikakhala BIOS, 00007 kapena 00009 ikakhala UEFI ya 64 bit, 00006 ndi UEFI ya 32 bit yomwe siipezekapezeka. Ngati DHCP yanu ili pa Windows Server 2012 kapena yaposachedwa, mumapanga vendor class ya PXEClient:Arch:00007 kenako policy yonena kuti aliyense wobwera ndi dzina limeneli apatsidwe snponly.efi, musaiwale kuchonga kuti wildcard ikhale kumapeto poti dzinalo limapitirira ndi zilembo zina. Ngati DHCP yanu ili pa router ya pfSense nzosavuta, pali malo osiyana olembapo fayilo ya BIOS ndi ya UEFI.

Koma simunanene kuti DHCP yanu ndi chani, ndipo ndikukayika kuti mwina ndi ka router komwe sikalola zimenezi kapena ili mmanja mwa munthu wina yemwe safuna muziigwira. Ngati zili choncho malangizo anga ndi pulogalamu ya dnsmasq, muiike pa seva ya FOG yomweyo ngati proxy DHCP. Siigawa ma IP ayi, imeneyo imakhalabe ntchito ya DHCP yanu yakale, iyo imangoyankha mbali yobutira yokha, kompyuta imalankhula nayo pa port 4011 ndipo imapereka fayilo molingana ndi mtundu wa makina. Mu config muonetsetse kuti mzere wa dhcp-range ukuthera ndi mawu akuti proxy, mukaiwala mawu amenewo nkuipatsa range mudzakhala ndi ma DHCP awiri olimbana pa netiweki imodzi ndipo anthu onse akudziwani dzina tsiku limenelo kkkk. Mukatero mukachotse option 66 ndi 67 pa DHCP yakale kuti kompyuta isamve mawu awiri. Ine njira imeneyi ndimaikonda chifukwa tsiku lina router ikadzasinthidwa zobuta zanu sizikhudzidwa.

China, Secure Boot, chitetezo cha mu firmware chomwe chimalola kubuta mafayilo okhala ndi signature yodalirika okha. Mafayilo a iPXE omwe amabwera ndi FOG alibe signature yomwe firmware imaikhulupirira, nde Secure Boot ikakhala yoyatsa idzaikana fayiloyo ngakhale dzina lili lolondola, ena amalemba uthenga wa security violation ena amangodutsa mwakachetechete ngati muja akuchitiramu. Izimitseni pothira image, mukamaliza muyatsenso, makamaka ngati mukuika Windows 11. Muli mu firmware momwemo onaninso kuti UEFI network stack ndi yoyatsa ndipo mwasankha PXE ya IPv4.

Tsopano a chipinda china aja. PXE-E16 ikutanthauza kuti kompyuta yakuwa koma siinalandire yankho loti ibute nalo, pa makina a BIOS mnzake wake ndi PXE-E51, kapena PXE-E53 ikakhala kuti IP yabwera koma dzina la fayilo ayi. Funso langa nlakuti chipinda chimenecho chili pa VLAN (chigawo cha netiweki) yomweyo ndi seva? Kukuwa kwa DHCP sikuwoloka router pakokha, pamafunika ip helper-address pa interface ya VLAN imeneyo, ndipo ambiri amaika helper imodzi yoloza ku DHCP nkuiwala yachiwiri yoloza ku seva ya FOG. Mukapita njira ya dnsmasq yachiwiriyo ndi yokakamiza. Mu Windows makinawo amaoneka abwinobwino poti IP akulandira, nde munthu umalumbira kuti netiweki ilibe vuto.

Ngati VLAN ndi imodzi, wokayikiridwa wamkulu ndi spanning tree (STP) pa switch, njira yoletsa ma packet kumangozungulira pa netiweki. STP yakale ija port ikangodzuka imayamba yakhala masekondi 15 ikumvetsera ndi ena 15 ikuphunzira, ndiye masekondi 30 opanda kudutsitsa kanthu, pomwe PXE imakhala yatopa kale kudikira. Choipa kwambiri nchakuti iPXE ikamadzuka imatha kugwetsa link nkuidzutsanso, kuwerenga kuja nkuyambiranso, nde mumaona kompyuta yadutsa sitepe yoyamba bwinobwino kenako nkulemba No configuration methods succeeded. Kuyesa kwake nkosavuta, tengani ka switch kotchipa kaja kopanda management mukaike pakati pa kompyuta ndi pakhoma. Ikabuta ndiye mwamugwira, mankhwala ake ndi portfast kapena edge port, zomwe zimadumpha kudikira kuja, pa ma port onse omwe pali makompyuta. Muonenso DHCP snooping, yomwe imatchinga mayankho a DHCP ochokera pa port yosadalirika, ngati ili yoyatsa, port ya seva ya FOG iyenera kukhala trusted apo ayi mayankho a dnsmasq azingotayidwa ndi switch inu osadziwa.

Koma chomwe ndikufuna muzolowere kuposa zonsezi ndi tcpdump, pulogalamu yojambula ma packet oyenda pa netiweki, chifukwa zomwe ndalembazi ndikuganizira chabe ndili kutali, pomwe ma packet sanama. Pa seva lembani tcpdump -i kenako dzina la khadi yanu ya netiweki, -w pxe.pcap, ndi port 67 or port 68 or port 69 or port 4011, mukayatse kompyuta imodzi yovutayo, ikalephera muimitse nkutsegula fayiloyo mu Wireshark, pulogalamu yowerengera ma packet. Muone ngati Discover, kukuwa kuja kwa kompyuta, yafika, ndani wayankha Offer ndipo ndi angati ayankha, mu Offer mo mwalembedwa seva iti ndi fayilo iti. Nthawi zina Offer ya DHCP yaikulu siioneka muli pa seva, zikatero ikani laputopu pa switch yomwe pali kompyutayo mujambulire pamenepo. Ine ndinavutikapo masiku awiri kuntchito kwina, kusintha ma kebulo, kunyoza switch, kumuimbira foni mnzanga usiku, mapeto ake nditatsegula capture ndinapeza kuti ndinalemba dzina la fayilo ndi chilembo chachikulu koyambirira. Linux siiseka pa zimenezo, Snponly.efi ndi snponly.efi kwa iyo ndi anthu awiri osadziwana. Mphindi 5 za Wireshark zikanandipulumutsa.

Mukadzaona PXE-E32 tsiku lina imeneyo ndi TFTP yosayankha, kawirikawiri firewall. Musanamizike kuti mwatsegula port 69 basi zatha, TFTP imangogogoda pa 69 koma fayiloyo imayenda pa port ina yomwe seva yasankha. Mutha kuyesa muli pa Windows ndi tftp -i adiresi ya seva GET snponly.efi mutayatsa kaye TFTP client mu Windows features, kungoti firewall ya Windows nayo imatha kuitchinga nde muizimitse poyesapo. Ndipo musadzasinthe IP ya seva mwachisawawa, FOG imaisunga malo angapo, mu default.ipxe, mu /opt/fog/.fogsettings ndi mu database momwe.

Ndikuchenjezeretuni za chomwe mukumane nacho mukangodutsa pa menyu ndi makina atsopanowo, poti chimabwera ndithu. FOG ikhoza kunena kuti siikuona hard disk. Makina ambiri atsopano, a Dell makamaka, amabwera storage ili pa RAID On kapena Intel RST, ndipo kernel ya FOG siiona disk ya NVMe ikakhala pamenepo, sinthani ikhale AHCI. Windows yomwe ilimoyo mwina siibutanso mukasintha koma poti mukuithira image ina palibe kanthu. Ikakhala kuti ndi khadi ya netiweki yomwe siikuoneka, pitani pa webu ya FOG pa Kernel Update mutenge kernel yatsopano. Komanso image yomwe munajambula pa makina akale a BIOS mwina ili pa MBR, kagawidwe kakale ka disk, imeneyo pa UEFI siibuta, mufunika kujambula ina ya GPT, kagawidwe katsopano, kuchokera pa imodzi mwa atsopanowo.

Yambani ndi kusintha option 67 kuja pa kompyuta imodzi Secure Boot ili yozima, kenako ka switch kaja ku chipinda chinacho. Zikakanikabe jambulani sikirini pomwe yaimirapo, munditumizire pamodzi ndi pxe.pcap ija, ndipo mundiuze kuti DHCP yanu ili pa chani.