Mafunso a Magalimoto: Datsun yanga imapepuka kutsogolo ndikathamanga, kodi ndiike phiko?

FUNSO: Ndili ndi Datsun 240Z ya 1972 yomwe ndakhala ndikuikonza kwa zaka zinayi. Injini ili bwino, mashoko ndi matayala ndi zatsopano. Koma ndikangodutsa makilomita 120 pa ola, chiwongolero chimapepuka ngati matayala akutsogolo sakugunda pansi, ndipo galimoto imayamba kusewera yokha. Anzanga a m'kalabu yathu akuti ndiike phiko lalikulu kumbuyo. Ndagula kale, kwangotsala kuboola. Kodi lithandiza? — Mwini Datsun

YANKHO: Achimwene, choboolera chija chiikeni kaye pansi. Pa vuto limene mwafotokozali, phiko lakumbuyo likhoza kuwonjezera matenda. Gonekani thabwa pamwala, mudinikize mbali imodzi, muona mbali inayo ikukwera. Phiko limakhala kuseri kwa matayala akumbuyo, ndiye likamakanikiza pansi, matayalawo amasanduka mwala uja ndipo mphuno imanyamuka. Inu mukudandaula mphuno yopepuka kale.

Vuto lanu si lachilendo pa 240Z. Kukamwa kwake n'kotambalala, mpweya wambiri umalowa pa redieta n'kudzaza mmene muli injini, kenako umakankha boneti kuchokera m'kati. Wina umalowa pansi pa mphuno, winanso umathamanga pamwamba pa boneti yayitali ija n'kumaikoka m'mwamba. Nissan eni ake, amene anapanga Datsun, anadziwa zimenezi. Mu 1971 anatulutsa ku Japan Fairlady 240ZG yokhala ndi mphuno yotalikitsidwa, ija okonda galimotoyi amaitcha G-nose. Ku America, timu ya BRE ya Peter Brock inkamangirira chitchinga pansi pa mphuno ya magalimoto ake a mpikisano. Onsewa anaona kuti kutsogolo n'kumene kunali nkhani. Ngakhale Lamborghini Miura ya 1966, kukongola konse kuja, inkadziwika ndi khalidwe lomweli, ndipo popeza thanki yake ili kutsogolo, petulo akamatha mphuno inkapepukirapepukira.

Koma tisanaimbe mlandu mpweya, muonetsetse kaye zapansi. Galimoto ya zaka zoposa 50 imakhala ndi malabala otha m'miyendo, ndipo masipuling'i akumbuyo akafooka imakhala chokhalira kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, mpweya n'kumalowa pansi mosavuta. Pimitsani alayimenti, yang'anani mpweya wa m'matayala, yesani ndi tepi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi pa ngodya zonse zinayi. Kusiyanitsa kwake n'kotere: vuto la zitsulo limamveka ngakhale pa 60 mukagunda bampu, pamene la mpweya limabwera ndi liwiro ndipo limakula msanga. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya mpweya imawirikiza kanayi. Zimene simukuzimva n'komwe pa 60, pa 120 zakula kanayi. Mukaonanso kuti kupepukako kumanyanya pamene mukulimbana ndi mphepo n'kuchepa ikakhala kumbuyo kwanu, ndiye kuti ndi mpweya ndithu.

Tsopano ntchito imene ine ndimaikonda kuposa zonse pa magalimoto akale, kuuona mpweyawo ndi maso. Gulani ulusi wolukira majuzi wa mtundu wosiyana ndi penti ya galimoto yanu. Udulenidulenini tizidutswa ta masentimita 8 kapena 10, ndipo kalikonse mukamate nsonga imodzi ndi tepi yapepala, ija amamata opopera penti, chifukwa siichotsa utoto. Ikani m'mizere, motalikirana ngati chikhatho chimodzi, kuyambira pamphuno, paboneti, padenga, mpaka pachitseko chakumbuyo. Mnzanu ayendetse galimoto ina pambali panu, wachitatu akhale pampando wa pasenjala atagwira kamera. Woyendetsa asagwire foni. Zimenezi zichitikire pabwalo la mpikisano kapena pamalo otsekedwa amene mwapatsidwa chilolezo, osati pakati pa anthu ena oyenda ulendo wawo.

Musaipepute njirayi poiona kutchipa. Malcolm Sayer, amene anajambula thupi la Jaguar E-Type ya 1961, anali atagwirapo ntchito ku kampani yopanga ndege ya Bristol, koma ankamatabe ulusi pagalimoto, Norman Dewis, woyesa magalimoto wa Jaguar, n'kumayendetsa, iye akuyang'ana ali m'galimoto ina pambali. Ulusi ukagona chogonera kuloza kumbuyo, mpweya ukutsatira thupi bwinobwino. Ukamavinavina, mpweya wayamba kusokonekera. Ukatembenuka n'kuloza kutsogolo, pamenepo mpweya wasiyana ndi thupi ndipo ukuzungulira. Tsiku loyamba limene ndinaona ulusi wa m'munsi mwa galasi lakumbuyo ukuloza kumene galimoto ikupita, ndinabwereza vidiyoyo kambirimbiri mpaka usiku. Kuyambira pamenepo sindimangiriranso chinthu pagalimoto ndisanaone kumene mpweya ukudutsa. Phiko loikidwa pamalo pamene ulusi ukuzungulira limangokhala katundu, chifukwa kulibe mpweya woyenda bwino woti ligwire nawo ntchito.

Ulusi umaonetsa kolowera mpweya, koma sunena kukula kwa mphamvu yake. Apa mufunika kapaipi koonekera m'kati, konga ka m'thanki yowetera nsomba. Kapindeni ngati chilembo U, kamangirireni pakathabwa pamodzi ndi rula, thiranimo madzi othira utoto mpaka theka. Nsonga imodzi ipite pansi pa boneti, inayo imatidwe pamwamba pa boneti pamalo omwewo, kukamwa kwake kutayang'ana cham'mbali kuti mphepo isalowemo mwachindunji. Yendani pa liwiro limodzi pamalo athyathyathya, mnzanu awerenge kusiyana kwa madzi mbali ziwirizo. Masamu ake ndi okoma: milimita imodzi ya madzi ikufanana ndi kilogalamu imodzi yokankha pa sikweya mita imodzi. Madzi akasiyana mamilimita 20 pa boneti yonse ya sikweya mita imodzi, ndiye kuti makilogalamu 20 akunyamula boneti yanu. Kuti mukhale ndi poyerekezera, mphepo yogunda chinthu maso ndi maso pa makilomita 100 pa ola imakweza madziwo pafupifupi mamilimita 47, ndipo pa 120 imafika pafupifupi 68. Muyese malo angapo, chifukwa kutsogolo kwa boneti ndi kufupi ndi galasi sikufanana. Kufupi ndi galasi mpweya umaunjikana n'kumakanikiza pansi, n'chifukwa chake magalimoto ambiri amakokera pamenepo mpweya wolowa m'kati mokhala anthu.

Mukatenga manambala oyambawo, dulani thabwa lopyapyala la pulayiwudi kapena pulasitiki yolimba, mupange chitchinga cha pansi pa bampala chimene amachitcha air dam. Chimangirireni pa mabawuti amene alipo kale, cholimba ndithu, chifukwa chikathothoka pa liwiro chimalowa pansi pa tayala. Tsekaninso mipata ya m'mbali mwa redieta kuti mpweya wolowa kukamwa udutse mu redieta mokha. Bwerezani mayeso aja pa liwiro lomwelo. Ngati madzi asiyana pang'ono kuposa poyamba ndipo chiwongolero chayamba kulemera m'manja, mwapeza mankhwala. Nthawi zambiri injini imazizirako bwino, popeza kuseri kwa redieta mpweya sukuunjikananso. Koma samalani mabuleki akutsogolo, chifukwa chitchinga chimawamana mphepo yowaziziritsa. Mukamathamanga pabwalo, boolani chitchingacho mulowetse mapaipi opita kumabuleki.

Mukakonza kutsogolo, mwina kumbuyo n'kumene kudzayambe kumveka kopepuka, makamaka pokhota mothamanga. Pamenepo mudzafunika kamlomo kakang'ono kumapeto kwa chitseko chakumbuyo, ndipo nakonso muyambe mwakayesa ndi tepi yolimba. Phiko mwagulalo lisungeni m'katoni mwake. Chitseko cha 240Z chikabooledwa, madzi amalowa, dzimbiri limayambira pomwepo, ndipo kupeza china chosaonongeka masiku ano ndi ntchito yaikulu.

FUNSO: Ndinaika spoiler yonga mchira wa bakha pa Porsche 911 yanga yakale. Nditayesa ulendo umodzi, sipidomita inaonetsa makilomita 5 pa ola kuposa kale. Mlamu wanga akuti ndikudzinamiza. Ndani akulondola? — Mayi wokonda 911

YANKHO: Mayi, mwina nonse mukulondola, koma ulendo umodzi sungaweruze mlanduwu. Mchira wa bakhawo uli ndi mbiri yabwino. Porsche anauonetsa koyamba pa 911 yotchedwa Carrera RS 2.7 ku chionetsero cha magalimoto cha ku Paris mu 1972, atauyesa m'chipinda chopemerera mphepo. Msana wa 911 umatsetsereka ngati pamwamba pa phiko la ndege, motero pa liwiro lalikulu kumbuyo kunkanyamuka. Kwa galimoto imene injini yake ili kuseri kwa matayala akumbuyo, zimenezi n'zoopsa pokhota. Mchira uja unachepetsa kwambiri kunyamukako, ndipo chosangalatsa n'chakuti sunabweze galimoto m'mbuyo, liwiro linakweranso pang'ono. Choncho zimene mwaonazo n'zotheka.

Chovuta ndi mphepo ya tsikulo. Mukamayenda pa 100 mukulimbana ndi kamphepo ka makilomita 10 pa ola, kamene simungakamve n'komwe mutaima panja mukucheza, galimoto imamva ngati ikuyenda pa 110, ndipo kukaniza kwa mpweya kumakwera ndi 21 peresenti. Mchira wa bakha sungasinthe zinthu kufika pamenepo. Ndiye kamphepo kakang'ono kakumbuyo kakhoza kukupatsani makilomita 5 anuwo popanda mchira uliwonse. Sipidomita ya singano ya zaka zimenezo nayonso siyodalirika pa kusiyana kochepa chonchi.

Yesani motere, ndipo simufunikanso kuthamanga mpaka pomaliza. Sankhani m'mawa kopanda mphepo, pamalo otsekedwa, owongoka ndi athyathyathya. Yendani kaye mphindi 20 kuti oilo ndi matayala zitenthe, chifukwa galimoto yozizira imalemera kuyenda. Fikani pa 120, ikani giya pa nyutulo, injini isiyeni ikulira, musaizimitse. Mnzanu ayambe kuwerenga masekondi pamene GPS ya pafoni yaonetsa 110, asiye pa 70. Tembenukani, muchite chimodzimodzi kulowera kumene mwachokera, kuti mphepo ndi kutsetsereka kwa msewu zifafanizane. Chitani maulendo asanu mbali iliyonse. Kenako chotsani mchira, bwezerani chivundikiro chakale, muchitenso khumi. Pomaliza bwezeraninso mchira muchite khumi ena. Gawo lachitatuli ambiri amalidumpha chifukwa cha kutopa, koma ndi limene limakuuzani ngati nyengo inasintha muli pakati pa ntchito. Mawindo akhale otseka nthawi zonse, anthu akhale omwewo, mpweya wa m'matayala usasinthe. Ngati ndi mchira galimoto ikutenga nthawi yotalikirapo kuti itsike kufika pa 70, ndipo kusiyanako kukuposa mmene maulendo anu akusiyanirana okhaokha, mlamu wanu avomere.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Yang'anani ngati 911 yanu ili ndi kachitchinga pansi pa bampala yakutsogolo. Carrera RS inali nako pamodzi ndi mchira uja, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Mchira wokha pa galimoto yopanda kanthu kutsogolo ungakubweretsereni vuto la achimwene a Datsun aja.

FUNSO: Mwana wanga akuti phiko la Lamborghini Countach ndi limene linkaithamangitsa. Ine ndikuti linali lokongoletsa chabe. Tiweruzeni. — Bambo wa mnyamata wokonda zithunzi za magalimoto

YANKHO: Bambo, apa mwapambana ndinu. Phikolo linali chinthu chochita kuwonjezera wogula akafuna, ndipo linkachepetsa liwiro la pamapeto chifukwa linkakaniza mpweya. Ambiri ankalifuna chifukwa cha maonekedwe. Koma mnyamatayo musamugwetse ulesi, funso lake ndi labwino. Muonetseni Shelby Daytona Coupe ya 1964, imene Peter Brock yemwe uja anaijambula ndi mchira wodulidwa ngati ndi mpeni, potsatira maganizo a katswiri wa ku Germany Wunibald Kamm. Anzake ena ankaiona ngati yonyansa, koma inathamanga kwambiri kuposa Cobra yopanda denga imene inachokerako, ndipo mu 1965 inathandiza Shelby kulanda Ferrari chikho cha dziko lonse cha mpikisano wa magalimoto a gulu lotchedwa GT. Muonetseninso Audi TT yoyamba, imene itachita ngozi zingapo pa liwiro lalikulu, kampani inaiitanitsa n'kuimata kamlomo kakang'ono kumbuyo, kuphatikiza kusintha zina m'miyendo. Kenako mugulireni ulusi ndi tepi yapepala, mumate naye pagalimoto yanu Loweruka likubwerali, iye akhale wogwira kamera.