C3 wa mwana wanu sakukwera, ndiye mutani?

Mayi wina wa ku Cosmo City, ku Johannesburg, wandilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 9 anatupa nkhope, mkodzo unafiira modera, ndipo patha miyezi inayi C3, pulotini ya chitetezo cha thupi imene imatsika pa matenda ena a impso, adakali wotsika m'magazi mwake. Adokotala akufuna kuyeza nephritic factor, chinthu cha m'magazi chimene chimaphwanyitsa C3. Akufunsa kuti: "Kodi chinthu chimenechi chilipodi, kapena akungoyesera pa mwana wanga poti ndife obwera?"

Mayi, funso lanu landilasa, chifukwa mawu omwewo anawanena malume anga pamene mwana wa achemwali anga anadwala chimodzimodzi ku Yeoville. Ine ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza magazi kuno ku Johannesburg, koma pa msonkhano wa banja mawu anga sanalemere. Malume anati mwana satupa popanda munthu, achemwali akulira, alamu ali phee. Anasonkha ndalama, anamukweza basi pa Park Station, ulendo wa kumudzi kukamwa mitsitsi. Atabwerera, miyendo inali itatupa mpaka m'maondo, BP ili m'mwamba, ndipo adokotala anayamba kutchula za makina osefa magazi. Mpaka lero malume amati mankhwala akumudzi ndiwo anamupulumutsa. Ndinaleka kutsutsana nawo, koma pano nditsutsa.

Mantha anu ndikuwamvetsa. Tonse tinaimapo pa mzere wa kiliniki n'kufunsidwa pasipoti ndi mawu onyoza tisanafunsidwe chomwe chikutipweteka. Zimenezo n'zoipa. Koma mwano wa munthu wa pa windo sufafaniza ntchito ya ofufuza ya zaka zoposa 50, ndipo ndimakwiya ndikamva achibale amene sanaonepo pepala la zotsatira akugamula kuti dokotala akunama. Amene amalipira ndi mwana. Komanso mitsitsi imene sitidziwa mphamvu yake imadutsa mu impso zomwezo zimene zikuvutika kale.

Kumene zinachokera

Complement ndi gulu la mapulotini a m'magazi amene amathandiza kupha tizilombo. Jules Bordet wa ku Belgium anaona ntchito yake m'zaka za m'ma 1890 ndipo analandira mphoto ya Nobel ya 1919. C3 ndiye mtima wa gululi. Mu 1954 Louis Pillemer ku Cleveland anapeza pulotini ina yotchedwa properdin n'kunena kuti pali njira yachiwiri yoyatsira complement. Anzake anamukayikira kwambiri, anamwalira mu 1957, ndipo zinatenga zaka zambiri dziko lisanavomereze kuti ankanena zoona. Nkhani yake imandimvetsa chisoni, chifukwa matenda amene akukayikiridwa mwa mwana wanu amakhala mu njira yomweyo.

Mu 1965 Clark West ndi anzake ku Cincinnati analemba za ana odwala impso amene C3 wawo sankakwera ngakhale patapita miyezi. Mu 1969 gulu lomwelo, motsogozedwa ndi Roger Spitzer, linasonyeza kuti magazi a odwalawa akasakanizidwa ndi a munthu wabwino, C3 wa wabwinoyo amaphwanyika. Chophwanyacho anachitcha C3 nephritic factor asanadziwe kuti n'chiyani. M'zaka za m'ma 1970 ndi pamene zinadziwika kuti ndi antibody (pulotini imene thupi limapanga kuti igwire tizilombo), yopangidwa ndi thupi la wodwalayo. Imamatirira pa enzyme, kapena kuti pulotini, yodula C3, imene mwachibadwa imayenera kuphwasuka pakangopita mphindi zochepa, n'kuigwira kuti isaphwasuke. Zili ngati mbaula imene wina akuikupizabe nsima itapsa kale: makala amatha, n'chifukwa chake C3 amatsika, ndipo phulusa limakaunjikana mu tizosefera ta impso.

Zitatero, ma antibody ena olimbana ndi complement anapezekanso. Ma antibody olimbana ndi C1q, pulotini ina ya complement, amapezeka kwambiri mwa odwala lupus (matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo) imene yagwira impso. Mu 2005 Marie-Agnès Dragon-Durey ndi anzake ku Paris anapeza olimbana ndi factor H, pulotini yozimitsa moto uja, mwa ana odwala atypical HUS, matenda owononga maselo a magazi ndi impso, ndipo ku India apezeka mwa pafupifupi theka la ana a matendawa. Mu 2020 ofufuza a ku Paris anaonetsa kuti ana ambiri otupa impso pambuyo pa matenda opatsirana amakhala ndi ma antibody olimbana ndi factor B, pulotini ya mu njira yachiwiri ija, koma amenewa amazimiririka okha. Iyi ndi nkhani yathu ndithu, ife amene tinakula ndi mphere ndi zilonda zapakhosi, ngakhale kafukufuku wambiri wachitikira ku Ulaya ndi ku America. Dzina loti C3 glomerulopathy, la matenda a impso amene akukayikiridwa mwa mwana wanu, akatswiri anagwirizana mu 2013, ndipo mankhwala a iptacopan anavomerezedwa pa matendawa mwa akuluakulu ku America mu 2025. Mtengo wake si wa munthu wogwira ntchito m'garden, koma alipo.

Tsono inu, mayi. Kutupa kwa impso kobwera pambuyo pa zilonda zapakhosi kapena zapakhungu, C3 amabwerera m'malo pakatha masabata 6 mpaka 8. Akapitirira miyezi itatu ali wotsika, madokotala kulikonse amaganizira matenda ena, ndipo adokotala anu akuchita zoyenera. Lolani ayeze. Funsani za biopsy, kutenga kachidutswa ka impso ndi singano, chifukwa ndiyo imatchula dzina la matenda. Nephritic factor payokha siitero, ndipo kusapezeka kwake sikutanthauza kuti mwana alibe vuto. Pemphani kalata yoti akaonedwe ndi dokotala wa impso za ana ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Baragwanath ngati sanafikeko. Chepetsani mchere, musamupatse ibuprofen, ndipo jambulani pa foni pepala lililonse la zotsatira, maka ngati mukuganiza zopita naye kumudzi mu December.