Kodi ndisiye mapilitsi a BP?

Funso: Adokotala, kuchipatala anandipeza ndi BP ya 165/100 n'kundipatsa mapilitsi a HCTZ. Mutu unasiya kupweteka, koma ndikamalima masana ndimachita chizungulire. Ndisiye kumwa? — Mayi wa ku Ngabu

Yankho: Musasiye, mayi. Mapilitsiwa sachiza BP, amangoitsitsa, ndipo mukawasiya imakweranso mwakachetechete mpaka kubweretsa sitiroko kapena kuwononga impso.

HCTZ amachotsa mchere ndi madzi m'thupi kudzera m'mkodzo. Mukaphatikizapo thukuta la kutentha kwa kuchigwa kuno, madzi amachepa, n'chifukwa chake chizungulirecho. Imwani piritsi m'mawa, tengani madzi kumunda, werukani dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo podzuka pamene mwawerama muzidzuka pang'onopang'ono. Chizungulire chikapitirira, akakuyezeninso kuchipatala, angathe kukusinthirani ena monga amlodipine. Musanayezedwe khalani pansi mphindi 5, makamaka ngati mwabwera pa njinga. Cholinga n'chakuti BP isafike 140/90.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wam'ndiwo momwe. Nsomba zouma zamchere muziviika kaye n'kutaya madziwo. Soda wam'therere nayenso chepetsani, ambiri samuwerengera.

Pakamwa pakapotoka, mkono ukachita dzanzi kapena lilime likalemera, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa izi ndi zizindikiro za sitiroko.